Kogona ndi kodya ku Roma ngati simudya nyama: hotela, nyumba ya masisitere, nyumba yalendi kapena hositelo?

Anthu ambiri akamakonza ulendo wa ku Roma amayamba ndi kusaka pogona, za chakudya n'kumati akaona komweko. Kwa munthu wodya chilichonse zimenezo zilibe vuto. Koma ngati simudya nyama, kaya n'chifukwa cha chikhulupiriro monga abale athu ambiri a Seventh Day, kaya dokotala anakuletsani, kaya mwapita m'nyengo ya Lenti ndipo mukusala, dziwani kuti pamene mwagona ndi pamene padzalamule chimene mudye. Kukhala ndi mbaula kapena ayi, kuyandikira msika kapena ayi, nthawi imene geti amatseka, zonsezi zimafika m'mbale mwanu. N'chifukwa chake sindilekanitsa nkhani ya bedi ndi ya chakudya.

Zoyezera zinayi

Njira iliyonse ndiiyeza ndi zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, koma mtengo wonse, osati umene mwauona pa intaneti wokha. Mzinda wa Roma umalipiritsa msonkho wa alendo, contributo di soggiorno, munthu aliyense usiku uliwonse: 6 euro mu hotela ya nyenyezi zitatu, 10 euro mu ya nyenyezi zisanu. Amawerengera mpaka masiku 10, ndipo ana osakwana zaka 10 salipira. Nthawi zambiri msonkhowu mumalipira mutafika, choncho banja la anthu awiri lokhala sabata yathunthu liyenera kuuwerengeratu.

Chachiwiri ndi kupezeka: malowo amapezeka liti, ndipo ali mbali iti ya mzinda. Pa Pasaka, kuyambira April mpaka June, komanso September ndi October, Roma imadzaza ndipo mitengo imakwera. January ndi February kumatsika. August kumatentha kwambiri, ndipo malesitilanti ambiri apabanja amatseka pozungulira tchuthi cha Ferragosto pa 15 August.

Chachitatu ndi ntchito imene idzakugwereni inuyo, monga kuphika, kukolopa, kutaya zinyalala ndi kusaka chakudya tsiku lililonse. Chachinayi ndi zoopsa: kuberedwa, kunamizidwa, ndi kudyetsedwa chimene simudya.

Pali chinanso chokhudza ife oyendera pasipoti ya Malawi kapena Zambia. Popempha viza ya Schengen amafuna umboni wa kumene mukagone. Ndiye posungitsa malo sankhani amene amalola kusintha maganizo popanda kulipira, chifukwa viza ikachedwa kapena ikakanidwa ndalama yolipiriratu sibwerera.

Zimene zimabisala m'mbale ya ku Roma

Musanasankhe pogona muyenera kudziwa khitchini ya mzindawu, chifukwa imanyenga maso. Mwa mitundu inayi ya pasta imene Roma imatchuka nayo, itatu ili ndi guanciale, tsaya la nkhumba loumitsa ndi mchere: carbonara, amatriciana ndi gricia. Yotsala ndi cacio e pepe, ya tchizi ndi tsabola wakuda basi. Komabe ngati mumasamala kwambiri, tchizi cha Pecorino Romano amachigwiritsa ndi madzi a m'chifu cha mwana wa nkhosa, ndipo Parmigiano Reggiano ndi a m'chifu cha thole. Osadya nyama ambiri amadya tchizi zimenezi osadandaula, ena ayi. Gamulani nokha musananyamuke, musakayambe kuganiza woperekera zakudya ataima pambali panu.

Msampha waukulu ndi alici kapena acciughe, tinsomba tamchere tokhala ngati usipa. Timabisala m'zakudya zooneka ngati zamasamba zokhazokha. Fiori di zucca, chiluwe chokazinga chija, mkati mwake amaikamo tchizi cha mozzarella ndi kansomba kamodzi. Puntarelle, saladi ya nthawi yozizira, amaithira msuzi wa tinsomba tomweti. Pizza imene ku Roma amaitcha napoletana ilinso nato. Supplì, mpunga woumba wokazinga, ena amauphika mu msuzi wa nyama. Pasta e fagioli, ya nyemba, ena amaponyamo chikopa cha nkhumba kuti ikome. Ngakhale cornetto yam'mawa, ophika buledi ena amaikamo strutto, mafuta a nkhumba.

Kungonena kuti "sono vegetariano" (kwa amayi, "vegetariana") sikukwanira, pakuti ophika ena achikulire saona kachidutswa ka guanciale ngati nyama, amakaona ngati chokometsera. Tchulani chimodzichimodzi: senza carne, senza pesce, senza guanciale, senza alici. Lembani papepala, muzingoonetsa.

Koma musataye mtima, chifukwa Roma ndi mzinda wa masamba kwambiri. Pamndandanda wa zakudya tsikirani pamene alemba contorni, ndiye kuti ndiwo zapambali. Pamenepo mupeza cicoria ripassata, masamba owawirako amene amawiritsa kenako n'kukazinga m'mafuta a olivi ndi adyo ndi tsabola. Mupeza carciofi (artichoke, masamba ooneka ngati duwa losatambasuka): carciofi alla romana, ophika pang'onopang'ono ndi timbewu tonunkhira, ndi carciofi alla giudia, okazinga athunthu mpaka masamba ake atatambasuka ngati duwa n'kumathetheka mkamwa. Nyengo yake yeniyeni ndi kuyambira chakumapeto kwa dzinja lawo mpaka cha m'ma April. Pasta e ceci, ya tchana, imakhutitsa, bola mufunse za tinsomba tija.

Hotela

Mtengo. Kumadalira dera kuposa nyenyezi. Pakati penipeni, pafupi ndi Pantheon ndi Piazza Navona, chipinda chaching'ono chimadula kuposa chachikulu cha pafupi ndi siteshoni ya Termini. Pamwamba pake, wogona mu hotela amagula nkhomaliro ndi mgonero tsiku lililonse, ndipo apa ndi pamene ndalama imathera mosadziwika.

Kupezeka. Mahotela ang'onoang'ono ndi ochuluka zedi pozungulira Termini ndi ku Esquilino. Ambiri si nyumba yathunthu ayi, ndi nsanjika imodzi m'nyumba yogonamo anthu ena, belu lake lili pakhomo pamodzi ndi la anthu wamba. Kwa wosadya nyama ili ndi dera labwino kuposa mmene limaonekera. Sitima ya Leonardo Express yochokera ku bwalo la ndege la Fiumicino imakutulani pa Termini pakatha mphindi 32, sitima zapansi panthaka za A ndi B zimakumana pomwepo, ndipo mukayenda pang'ono mufika ku Piazza Vittorio kumene kuli malesitilanti a Amwenye ndi anthu ena obwera. Mphodza, tchana ndi mpunga sizisowa. M'derali mulinso malesitilanti a anthu a ku Eritrea ndi Ethiopia, ndipo iwo, chifukwa cha masiku ambiri osala a mpingo wawo, amadziwa kuphika popanda nyama ndi mkaka: funsani shiro, ndiwo ya ufa wa tchana, ndi injera, buledi wawo wopyapyala. Tchalitchi cha Santa Maria Maggiore, kumene anaika Papa Francis mu April 2025, chili pomwepo. Pakati pa mzinda wakale m'pokongola, koma sitima yapansi sifikako, ndipo malesitilanti ambiri kumeneko amaphikira alendo odutsa.

Ntchito. Palibe. Amakuyalirani, amakusungirani katundu, pakhomo pali munthu womufunsa njira. Ntchito yanu ndi kusaka chakudya basi, ndipo mudziwe nthawi zake: makhitchini ambiri amatseka cha m'ma 3 koloko masana, n'kudzatsegulanso cha m'ma 7:30 madzulo. Amene tinazolowera mgonero wa 6 koloko njala imatipeza panjira.

Zoopsa. Ku Termini ndi m'basi nambala 64 yopita ku Vatican muli opisa m'matumba odziwa ntchito yawo. Pasipoti isakhale m'thumba lakumbuyo. Usiku misewu ina ya kumbuyo kwa siteshoni si yoyendamo wekha. Komanso mawu akuti "chakudya cham'mawa chilipo" asakukopeni: kadzutsa wa ku Italy ndi khofi ndi kabanzi kotsekemera, ndipo zowonjezera zake kawirikawiri ndi nyama yodulidula. Kulipira ndalama yapadera chifukwa cha kadzutsa wotere n'kutaya, pamene pa bar yapafupi (ku Italy ndi pomwera khofi), mutaimirira pakauntala, mulipira zochepa kuposa kukhala pampando.

Nyumba ya masisitere kapena ansembe

Izi amazitcha case per ferie, ndipo ku Roma zilipo zambiri chifukwa zipani zambiri za masisitere ndi ansembe zili ndi malikulu ake kumeneko. Zambiri zimalandira aliyense, Mkatolika kapena ayi.

Mtengo. Kawirikawiri n'zotsikirapo poyerekeza ndi hotela ya m'dera lomwelo, makamaka kwa munthu mmodzi, chifukwa zili ndi zipinda zenizeni za bedi limodzi. Koma si zonse zotchipa. Casa di Santa Brigida ya pa Piazza Farnese, nyumba imene Brigita Woyera wa ku Sweden anakhalamo mpaka kumwalira mu 1373, ili pamalo oti aliyense amawafuna, ndipo mtengo wake umasonyeza zimenezo.

Kupezeka. Zambiri zili mozungulira Vatican, paphiri la Gianicolo ndi m'mbali mwa Via Aurelia. Zimadzaza msanga ndi magulu a amwendamnjira, makamaka pa Pasaka ndi pa zikondwerero zikuluzikulu. Zina zili pa mawebusaiti osungitsira malo, zina mumangolemba imelo n'kudikira, ndipo yankho silifulumira. Ngati ndinu Mkatolika, yambani mwafunsa bambo mfumu kapena masisitere a kuparishi kwanu, amene chipani chawo mwina chili ndi nyumba kumeneko.

Ntchito. Yochepa. Chipinda n'choyera, chopanda zambiri, mtanda pakhoma. Nyumba zina sizikonza chipinda tsiku lililonse. Khitchini simuloledwa kulowa.

Zoopsa. Pankhani ya chitetezo, mayi woyenda yekha sangapeze pena poposa apa, ndipo ndimalimbikitsa ndi mtima wonse. Zovuta zilipo ziwiri. Nyumba zambiri zimatseka geti cha m'ma 11 koloko usiku, zina msanga kuposa apo, ndipo poti mgonero wa ku Roma umayamba mochedwa, mudzadya mukuyang'ana wotchi. Chachiwiri n'chakuti nyumba zimene zimaphika mgonero zimaphika mphika umodzi wa onse. Mukalipiriratu chakudya osanena kuti simudya nyama, mudzapeza nyama ya nkhuku patsogolo panu, ndipo kubweza mbale ya sisitere wokalamba amene waiphika ndi chikondi n'kowawa kwa nonse awiri. Lembani mu imelo yoyamba yomwe, tchulani nsomba ndi msuzi wa nyama, ndipo dikirani avomere. Akavomera amasunga mawu, koma yembekezerani pasta ya tomato, mazira ndi tchizi mobwerezabwereza.

Nyumba yalendi yokhala ndi khitchini

Apa ndikhalitsapo, chifukwa kwa wosadya nyama wokhala masiku opitirira anayi, iyi ndi njira imene ndimaiika patsogolo.

Mtengo. Pa Airbnb kapena Booking.com mtengo wa usiku umodzi umaoneka wofanana ndi wa hotela, kenako amawonjezera ndalama yokonzera m'nyumba, imene mumalipira kamodzi. Kwa masiku awiri ndalama imeneyi imapweteka. Kwa sabata, mutagawana anthu atatu kapena anayi, simuimva. Phindu lenileni lili pa chakudya: pasta, nyemba, mphodza, tomato ndi masamba n'zotchipa ku Italy, ndipo ndalama ya mgonero umodzi wa ku lesitilanti ingadyetse banja lonse kunyumba. Madzi musagule. M'misewu muli mipope yachitsulo yotchedwa nasoni, yoposa 2,000, yotuluka madzi abwino akumwa usana ndi usiku.

Kupezeka. Nyumba zilipo paliponse, choncho sankhani poyang'ana msika. Ku Prati, pafupi ndi Vatican, kuli Mercato Trionfale pa Via Andrea Doria, umodzi mwa misika ikuluikulu ya mzindawu, ndipo siteshoni za Ottaviano ndi Cipro zili pafupi. Ku Esquilino kuli Nuovo Mercato Esquilino, kumene ogulitsa ochokera ku Asia ndi ku Africa amakhala ndi therere, chinangwa, nthochi zophika, mbatata ndi nyemba zamitundumitundu. M'masitolo a anthu a ku Africa ozungulira pamenepo ufa woyera wa chimanga umapezeka, ndiye amene sagona osadya nsima angotenga mthiko m'chikwama. Ku Testaccio kuli msika wokoma kwambiri, koma derali lili ndi mbiri yake: kunali kophera ng'ombe kwa mzinda wonse mpaka 1975, ndipo malesitilanti ake amanyadira matumbo, mchira ndi zam'kati. Ndi dera labwino kuphikamo nokha, lovutirapo kudya kunja. Misika imeneyi imagwira ntchito kwambiri m'mawa ndipo Lamlungu imatseka. Msika wa Campo de' Fiori ndi wojambulapo zithunzi, mitengo yake ndi ya alendo.

Ntchito. Yonse ndi yanu. Kugula, kuphika, kutsuka mbale, ndi kusiyanitsa zinyalala: mapepala paokha, mapulasitiki ndi zitini paokha, magalasi paokha, zotsala za chakudya paokha. Mu supamaketi monga Conad kapena Coop simugwira masamba ndi manja. Pambali pamakhala timagolovesi tapulasitiki. Mumavala kamodzi, n'kuika tomato m'kathumba, n'kuyang'ana nambala yolembedwa pamtengo wake, n'kukaika pasikelo, n'kudina nambalayo, ndipo kapepala kamtengo kamatuluka koti mumate pathumba. Mukapita kolipira musanayeze, amakubwezani mzere wonse ukukuyang'anani. Kumsika ndi kwina: kumeneko mumaloza, wogulitsa ndiye amasankha. Musaiwalenso adaputala, chifukwa mapulagi athu a mano atatu aakulu salowa m'makoma a ku Italy.

Zoopsa. Ndi zochulukirapo kuposa njira zina. Nyumba yovomerezeka iyenera kukhala ndi nambala ya boma yotchedwa CIN, yolembedwa pa chilengezo chake. Ngati palibe, dutsani. Mwininyumba akakupemphani kuti mutumize ndalama mwachindunji kunja kwa webusaiti kuti "akuchotsereni", kanani, pakuti ndi mmene anthu amaberedwera. Koma akapempha pasipoti yanu musadabwe: lamulo limamukakamiza kupereka maina a alendo kupolisi pasanathe maola 24. Funsaninso za chikepe. Nyumba zakale zambiri zilibe, ndipo kukweza sutikesi ya makilogalamu 23 mpaka nsanjika yachinayi, mutaikoka kale pa timiyala ta m'misewu totchedwa sampietrini, si ntchito ya munthu wa bondo lovuta. M'chilimwe funsani ngati muli makina oziziritsira. Ku Trastevere n'kokongola masana, koma phokoso la omwa limafika pakati pausiku. Ndipo ndege ikachedwa, palibe wapakhomo wokudikirani.

Hositelo

Mtengo wake ndi wotsikitsitsa kwa munthu mmodzi, bedi m'chipinda cha anthu anayi mpaka asanu ndi atatu, ngakhale m'nyengo ya alendo ambiri nawonso umakwera, moti anthu awiri angapeze chipinda cha hotela pa ndalama yomweyo. Ambiri ali pafupi ndi Termini. Ena ali ndi khitchini yogawana, ena alibe, ndiye funsani musanalipire, chifukwa kwa inu khitchiniyo ndiye phindu lonse. Ntchito ndi kutsuka zanu ndi kulemba dzina pa chakudya cha mufiriji. Zoopsa ndi phokoso, katundu wosowa ngati mulibe loko, ndi mapoto amene wina wangokazingiramo nyama osatsuka bwino.

Ngati simuphika, mudya kuti?

Chotchipa ndi chodalirika kwambiri masana ndi pizza al taglio. Amaiphika m'mathireyi aatali, mumaonetsa ndi manja kukula kumene mukufuna, amadula ndi sizasi n'kuyeza pasikelo. Ubwino wake mumaona ndi maso chimene chili pamwamba. Pizza rossa ndi ya tomato yekha, pizza bianca ndi ya mafuta ndi mchere, ndipo ya mbatatesi ndi rosemary imapezeka pafupifupi paliponse.

Trattoria, lesitilanti wamba ya ku Italy, imakudyetsani bwino ngati mwafunsa mafunso aja. Palibe cholakwika kuitanitsa pasta imodzi ndi contorni ziwiri basi. Buledi amene amaika patebulo nthawi zambiri amalipiritsa. Pewani malo amene munthu waima pakhomo n'kumakukokani ndi zithunzi za zakudya.

Malesitilanti a zamasamba zokhazokha alipo, ndipo wakale wodziwika ndi Il Margutta pa Via Margutta, pafupi ndi Piazza del Popolo, amene anatsegulidwa mu 1979. Kumeneko mumadya mtima uli m'malo, osafunsa kanthu, koma ndi wa tsiku lapadera, osati wa tsiku lililonse. Ena ang'onoang'ono amatseguka ndi kutsekeka, choncho onani pa HappyCow, webusaiti yosonyeza malo odyera a osadya nyama, sabata yomwe mukunyamuka.

Njira imene ambiri saidziwa ili ku Ghetto, dera la Ayuda limene Papa Paul IV anawatsekeramo mu 1555. Malamulo a chakudya cha Chiyuda saloleza kusakaniza nyama ndi mkaka, choncho lesitilanti ya kosher (yotsata malamulowa) ya zamkaka ilibe nyama ngakhale pang'ono m'khitchini mwake. Nsomba ndiye zilipo, ndiye funsani za izo zokha. Kumenekonso ndi kwawo kwa carciofi alla giudia. Malo osunga kosher amatseka Lachisanu madzulo mpaka Loweruka dzuwa litalowa.

Ndani asankhe chiyani

Ngati mwabwera masiku awiri kapena atatu, mwina ku msonkhano kapena mukudutsa, tengani hotela yaing'ono ku Esquilino kapena chakufupi ndi Santa Maria Maggiore, musalipire kadzutsa, masana mudye pizza al taglio, madzulo mupite kwa Amwenye kapena kwa anthu a ku Eritrea. Ndalama yokonzera nyumba yalendi siingabwerere m'masiku ochepa chotero.

Mayi woyenda yekha, munthu wachikulire, kapena aliyense amene cholinga chake ndi Misa ku St. Peter's ndi kukaona Papa Lachitatu m'mawa, apite kwa masisitere pafupi ndi Vatican. Ngati mumadya mazira ndi tchizi, lipirani mgonero wa panyumbapo mutagwirizana nawo polemba. Ngati simudya chilichonse chochokera ku nyama, tengani bedi lokha, chakudya muzikagula ku Mercato Trionfale ndi m'malesitilanti a ku Prati.

Banja la ana, kapena gulu la anthu atatu kupita m'tsogolo lokhala sabata, litenge nyumba ya khitchini ku Prati kapena ku Testaccio. Chimodzimodzi wa Seventh Day amene akhala ku Roma pa Sabata: mugule kumsika Lachisanu m'mawa, muphikiretu dzuwa lisanalowe, ndipo Loweruka simudzafunika kugula kanthu. Wodwala shuga kapena BP amene dokotala anamuikira malire a mchere akhalenso m'gulu lomweli, chifukwa tchizi cha pecorino ndi chamchere kwambiri ndipo mu lesitilanti simungachichepetse.

Wophunzira kapena wachinyamata wa ndalama zochepa atenge hositelo yokhala ndi khitchini pafupi ndi Termini, agule kapoto kake kakang'ono ngati mapoto ogawana akumunyansa, ndipo mphodza ndi mpunga azikagula ku Nuovo Mercato Esquilino. Amene miyendo imawavuta, mulimonse mmene asankhire, afunse za chikepe ndi mtunda wokafika pokwerera basi asanalipire ndalama iliyonse.